Munthu wa M'kaseti Amene Anatilanda Madimba

Ndinafika ku chigwa cha Luangwa ndili mtsikana, ndi sutukesi imodzi ndi kalata ya boma yonditumiza kukaphunzitsa pa sukulu ina yaing'ono pakati pa Msoro ndi Mfuwe. Kwathu ndi kumtunda, cha ku Katete. Ndinkati ndipirira kutentha ndi ntchentche zoluma za kashembe zaka ziwiri basi, kenako ndipemphe kusamuka. M'malo mwake ndinakwatiwa konko ndi mwamuna wa Chikunda, ndipo pamene zimene ndikufuna kunenazi zinkachitika, chapakati pa zaka za m'ma 1990, n'kuti ndili ndi ana awiri ndipo Chikunda ndikuchimva chonse, ngakhale polankhula anthu ankandisekabe.

Banja la amuna anga linali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje, pafupi ndi mitengo ya mchenja. Mabanja ambiri a m'mudzimo anali ndi madimba pamenepo, motsatizana. Madzi akaphwera tinkabzalamo chimanga, maungu, mbatata ndi mpiru. Chaka cha chilala chachikulu chija minda yakumtunda inapsa yonse, koma ife tinadya za ku dimba mpaka mvula. Olilima kwenikweni anali awiri: apongozi anga aakazi, ndi alamu anga, achemwali awo aakulu a amuna anga. Alamuwo malungo anawatseka makutu ali aang'ono. Ankamva ukawayandikira n'kulankhula mokweza, akukuyang'ana pakamwa.

Tsiku lina m'nyengo yozizira kunabwera galimoto yoyera. Munali bambo wina wonenepa, wa chipewa, ndi amayi awiri ovala bwino onyamula mapepala. Anati atumidwa ndi kampani ina imene ikufuna kumanga loji ya alendo odzaona nyama, ndipo sakufuna kuchita kanthu asanamve maganizo a anthu. Mawu amenewo anandikomera. Kuyambira pamene ndinabwera m'chigwamo, ndinali ndisanaone mlendo wa galimoto akufunsa maganizo a munthu.

Amayi aja anayenda khomo ndi khomo kwa mlungu wathunthu. Za loji sanafunse n'komwe. Ine anandifunsa kuti ndikafuna kugula mbuzi ndimayamba ndaiona mano kapena ndimakhulupirira wogulitsa. Anandifunsa kuti pa msonkhano ndikaona kuti onse agwirizana chinthu chimene ine sindikuchifuna, ndimalankhula kapena ndimangokhala chete. Anafunsanso ngati pakhomo pathu panagwapo maliro osaiwalika. Ndinayankha zonse mosangalala, zina m'Chingerezi, kuti adziwe kuti akulankhula ndi munthu wa sukulu. Pomaliza anandipatsa kakhadi kobiriwira. Apongozi anapatsidwa kofiira, amuna anga kachikasu. Alamu anga sanalandire kanthu. Amayi aja atafunsa kawiri iwo akungoti "Mwati?", anatopa nawo n'kupita khomo lina.

Bambo wa chipewa uja anabwera ku sukulu kudzapempha chipinda choonetseramo vidiyo. Ahedi anali atapita ku Chipata, ndiye makiyi anali kwa ine. Ndinavomera. Anati popeza chipinda n'chaching'ono, anthu aziona m'magulu: a makhadi obiriwira pa naini awazi, ofiira pa ileveni, achikasu masana pa fotini awazi. Loweruka limenelo ndinasesa ndekha chipinda cha Giredi 5, ndinasuntha madesiki, ndinawathandiza kupachika mabulangete m'mawindo kuti mukhale mdima. Jenereta anaiika kuseri, pafupi ndi mtengo wa bwemba.

Obiriwira tinali ochepa: aphunzitsi anzanga awiri, namwino wa pa kiliniki, katekisiti, ndi alimi angapo a thonje odziwa kuwerenga. Pa tivi panatuluka bambo wa tayi ndi magalasi, ataima pafupi ndi mapu. Anatipatsa moni wa mwadzuka bwanji, n'kukhala chete pang'ono ngati akudikira yankho, ndipo ena a ife tinayankhadi. Kenako anati: "Inu ndinu anthu oganiza. Sindibwera kwa inu ndi nkhani zokometsera, chifukwa mungandigwire bodza. Ndiyamba ndi kuipa kwake."

Ananenadi kuipa kwake, kuti ulendo wa ku mtsinje udzatalika pang'ono ndipo padzakhala phokoso la omanga. Atatero analoza pa mapu ndi ndodo. Loji idzangotenga kachigawo ka pansi pa mitengo ya mchenja, anatero, madimba otsalawo anthu azilimabe monga kale. Malowo ndi obwereka chabe, kwa zaka zowerengeka, kenako adzabwerera kwa eni ake. Sukulu idzalandira zipinda ziwiri zatsopano. Funso lililonse limene linkabwera m'mutu mwanga, iye ankalitchula ndisanalimalize kuliganiza, n'kuliyankha. Ndinatuluka ndikumva kuti ndalemekezedwa. Pakhomo panali tebulo ndi pepala. Anati ndi la kwa amfumu, loonetsa kuti anthu amva ndipo agwirizana nazo. Tsamba loyamba linali lopindidwira kumbuyo. Ine amene ndinkakalipira ana tsiku ndi tsiku kuti aziwerenga funso asanayankhe, ndinasaina osalitembenuza.

Pa ileveni ndinapita kunyumba kukayamwitsa. Ndikubwerera ndinakumana ndi amayi a makhadi ofiira akutuluka, ambiri akupukuta misozi ndi chitenje, chala chachikulu chili bii ndi inki. Apongozi anandidutsa osandiona. Madzulo amuna anga anabwera nawonso atasaina.

Mawa lake titaweruka ku tchalitchi tinakhala pa khonde la apongozi tikusenda mtedza. Alamu anga anasendera pafupi ndi ine n'kundigwira bondo.

"Alamu, inu ndinu aphunzitsi. Tandiuzani, wanena chiyani munthu wa m'bokosi uja?"

Ndinawafotokozera mokweza, pang'onopang'ono: kachigawo kochepa, kubwereka chabe, ife tizilimabe.

Apongozi anasiya kusenda. "Sananene choncho," anatero. "Wati tichokeko tonse ku mtsinje, tisadzapondekonso. Atikumbira mjigo kumtunda, atimangira dimba la waya."

"Wa tayi uja?" ndinafunsa.

"Analibe tayi. Anakhala pa mpando wa chikumba cha nyama, atanyamula mwana. Wandiitana kuti amayi. Wanena za mwana amene anagwidwa ndi ng'ona mayi ake akuthirira mpiru." Anayang'ana m'lichero lawo. "Wati mayi amene anaikapo mwana chifukwa cha mtsinje sangalole kuti mdzukulu wake apitenso njira yomweyo."

Tonse tinadziwa chimene chinawaliza. Mwana wawo wachitatu anatengedwa ndi ng'ona pa dooko la ku madimba kwathu komweko, kale ine ndisanabwere. M'banjamo dzina lake silinkatchulidwa.

Alamu anatembenukira kwa mchimwene wawo. "Nanga iwe?"

Amuna anga ndi munthu wosakonda mikangano. Anakanda m'mutu. "Ife watiuza kuti midzi ina yonse yavomera kale, tatsala ndife. Wati ntchito za pa loji adzapatsa midzi yovomera yokha. Okana, boma lidzawachotsabe, koma opanda kanthu m'manja. Anaima pakati pa gulu la anthu akuwomba m'manja. Ndiye ine ndikanatani? Onse amene ndinali nawo anasaina."

Alamu anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Munthu wake ndi mmodzi?"

Tinafotokozerana nkhope yake: mpata pakati pa mano akutsogolo, chipsera chaching'ono pa chibwano. Anali yemweyo.

"Ndiye tilima kapena sitilima? Abwereka kapena atenga? Wina mwa inu atatu anamizidwa. Mwinanso nonse."

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandiwawabe mpaka lero. Ndinaseka pang'ono n'kunena kuti, "Mwina amayi sanamvetse bwino. Munthu uja amalankhula Chinyanja cha m'tauni, komanso zinthu za mapu zimavuta kwa amene sanazolowere." Ndinanena zimenezo pa khonde lawo, ndikudya mtedza wawo. Apongozi anatenga lichero lawo n'kulowa m'nyumba. Alamu anandifunsa kuti ndati chiyani, ndipo ine sindinabwereze.

Tikanathamangira kwa amfumu Lolemba lake lomwelo, mwina tikanawapeza pepala lija lisanafike. Anthu akanandimvera, chifukwa ndinali mphunzitsi. Koma ine ndinali wotsimikiza kuti kaseti yoona ndi imene ndinaona ineyo, ya anthu oganiza. M'milungu yotsatira amayi ambiri ankandiimitsa pa njira kundifunsa, ndipo ndinkawalimbitsa mtima kuti asadandaule, madimba sapita.

Kutentha kutayamba, chimanga cha ku dimba chili ndi ngayaye, kunabwera thirakitala ndi mitengo ya mpanda. Sanaime pa mitengo ya mchenja. Anazinga kuyambira pa dooko mpaka pokhotera mtsinje, madimba onse mkati. Anatipatsa masiku ochepa oti tichotse zathu. Chimanga chosakhwima uchichotsa bwanji? Tinadula mapesi kuti mbuzi zidye. Panaikidwa alonda awiri ochokera kutali, osadziwa munthu aliyense m'mudzimo.

Ndinapempha tsiku kwa ahedi n'kukwera njinga kupita ku Mfuwe, kumene kampani ija inkachita lendi kachipinda kuseri kwa sitolo ina. Alamu anga anakakamira kupita nawo, ndipo ndinawakweza pa kaliyala ulendo wonsewo. Tinamupeza bambo wa chipewa uja akumwa tiyi, fani ikuzungulira.

"Aa, madamu a makiyi. Muli bwanji?"

Sindinayankhe moniwo. Ndinamuuza kuti mpanda wadutsa malire amene tinalonjezedwa.

"Anakulonjezani ndani?"

"Munthu wanu wa m'vidiyo."

"Ine ndinalankhulapo chilichonse tsiku lija? Munandimva ndi pakamwa panga ndikunena za malire?"

Ndinaganiza, ndipo zinali zoona. Iye ankangosintha makaseti ndi kuloza posaina.

"Ndiye tiitanireni mwini wakeyo," ndinatero. "Tikufuna atiuze pamaso."

Anaseka mpaka tiyi anatayikira pa tebulo. Anati munthu uja si wa kampani, ndi wa zisudzo wa ku Lusaka, anamulemba ganyu masiku awiri. Mawu onse anachita kumulembera. Ku chigwa sanafikeko, mtsinje wathu sanauonepo, ndipo ngakhale mutakumana naye pa msewu sangakumbuke zimene ananena. Kenako anatulutsa pepala lija n'kufunyulula tsamba loyamba. Panali mizere yochepa ya m'Chingerezi yonena kuti ife osaina m'munsimu tavomera mwa kufuna kwathu kusiya malo onse a m'mbali mwa mtsinje. Za kubwereka panalibe, za sukulu panalibe, za ntchito panalibe. Dzina langa linali lachiwiri kuchokera pamwamba.

Chimene chinandipsetsa mtima koposa n'chakuti sanachite manyazi. Anayamba kundifotokozera ngati mnzake wa ntchito, monyadira.

"Madamu, inu ndinu mphunzitsi, mukudziwa kuti ana m'kalasi samva mofanana. Akuluakulunso ndi chimodzimodzi. Ena amafuna zifukwa, ndiye timawapatsa zifukwa. Ena amamva ndi mtima, timalankhula ndi mtima wawo. Ena amangoyang'ana kumene anzawo alowera. Mukawasonkhanitsa pamodzi n'kuwauza chinthu chimodzi, mumakopa gulu limodzi, enawo amayamba mafunso. Si bodza ayi, ndi kudziwa anthu."

"Munauza apongozi anga za mwana wogwidwa ndi ng'ona. Munadziwa bwanji?"

"Anatiuza okha, pa mafunso paja. M'chigwa muno nyumba zambiri zili ndi nkhani yotero. Kaseti ndi imodzi yomweyo, timangosankha oyenera kuiona."

Ndinamuuza kuti andionetse pepala la mayankho anga. Sindikudziwa chifukwa chake anavomera, mwina ankaona ngati ndi nthabwala. Anafufuza m'katoni n'kundipatsa. Pansi pake mmodzi wa amayi aja anali atalemba ndi bolopeni, m'Chingerezi, mawu otanthauza kuti: amakonda kuoneka wanzeru, anthu amamufunsa, ayambe ndi iyeyu.

Ndinkafuna kumuponyera kapu ya tiyi ija kumaso, koma ndinali wa ntchito ya boma, ndi ana awiri. Alamu anga sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ankationa nkhope. Anandikoka dzanja.

"Wati chiyani?"

"Wati munthu uja kulibe," ndinakuwa m'khutu mwawo. "Anali wa sewero."

Alamu anayandikira tebulo, nagwira pepala la masaini lija, nayendetsa chala m'mizere yonse ya zidindo ngakhale sankadziwa kuwerenga. Kenako anamuonetsa bamboyo chala chawo chachikulu, pafupi kwambiri ndi mphuno yake.

"Changa chilipo apa?"

Iye anapukusa mutu.

"Ndiye ine sindinakupatseni kanthu." Anatero m'Chikunda, mokweza monga amalankhulira anthu osamva, mpaka anthu a m'sitolo anasuzumira. Tinatuluka.

Pobwerera njinga inaphulika tayala tisanafike theka la njira, ndipo tinayenda pansi dzuwa lili pamutu. Ndinkangobwereza m'mutu mawu a pa pepala aja. Amayi amene ndinawapatsa mpando ndi madzi akumwa m'nyumba mwanga anandiyeza ngati mbuzi ya pa msika, ndipo sanalakwitse. Zimenezo ndiye zinkandipweteka kwambiri.

Nditafika sindinalowe kwanga. Ndinapita kwa apongozi, ndinagwada pakhomo n'kuwauza zonse, ndi za pepala langa lomwe. Ndinapepesa chifukwa cha mawu anga a pa khonde paja. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Mwana amene ananyamula uja, anali wake?" anafunsa.

Ndinati sindikudziwa, mwina nayenso anali wa ganyu.

"Ine ndinawauza dzina lake amayi aja," anatero. "Zaka zonsezi sindinalitchule, ngakhale kwa abambo ake. Anandifunsa mwaulemu, ndiye ndinawauza." Sanalire. Anandiuza kuti ndidzuke, ana akundidikira.

Mjigo anakumbadi, mwina poopa kuti anthu angawotche mpanda. Madzi ake anali amchere, osamweka, ndipo mbewu zikathiriridwa zinkafota. Dimba la waya silinamangidwe. Malo amene anatilozera kumtunda anali a makande, olimba ngati njerwa m'chilimwe, ndipo m'dzinja khasu linkakanirira m'matope. Amuna anga anagwira ntchito milungu itatu yosenza udzu wofolera, n'kuuzidwa kuti ntchito yatha. Tinadzamvanso kuti midzi imene ankati yavomera kale, galimoto ija inafikako pambuyo pa ife, ndipo kumeneko anawauza kuti ife ndiye tavomera kale. Apo pokha sananame.

Ndinalemba makalata ambiri, ku boma ku Mambwe ndi kwina konse kumene ndinaganiza. Ndinafotokoza za makaseti atatu aja. Koma umalemba kuti wakunamiza ndani? Munthu akakunamiza pamaso umadziwa kwawo, umapita ndi mboni, amachita manyazi pa maliro kapena ku tchalitchi. Uyu analibe mudzi, analibe dzina, ndipo makaseti anapita ndi galimoto. Chotsala chinali pepala lokhala ndi saini yanga. Anzanga a makhadi obiriwira sanafune kuti nkhaniyo imveke. Namwino anandiuza kuti ndikuchititsa manyazi anthu ophunzira, ndipo posakhalitsa anapempha kusamuka. M'mudzimo munalowa chidani. Amayi ankati amuna anagulitsa madimba pofuna ntchito, amuna ankati amayi anadinda chifukwa cha misozi, ndipo onse pamodzi ankati aphunzitsi ndi amene anatsegula chitseko. Kwa chaka chathunthu ana ena anasiya kubwera m'kalasi mwanga.

Alamu anga sanalembe kalata. Madzi ataphwera chaka chotsatira anatenga khasu, anakwawa pansi pa waya n'kukabzala pamalo pawo. Alonda anawakalipira, iwo osamva, kapena kuchita ngati sakumva. Anawazulira mbewu, iwo anakabzalanso. Ulendo wachitatu mlonda wina anawakankha, iwo n'kugwera pa chitsa, dzanja linathyoka, ndipo mpaka imfa yawo silinawongoke bwino. Atangomasula pulasitala anabwereranso, ndipo nthawi imeneyo anatsatidwa ndi amayi ena anayi amene tsiku la vidiyo anali ku maliro kutsidya ndipo sanadinde. Mlandu unafika kwa amfumu, unazengedwa nyengo ziwiri. Ine ndinaitanidwa ngati mboni, ndipo ndinanena pamaso pa anthu onse zimene zinalembedwa pa pepala langa. Anthu anaseka. Ndinawalola aseke.

Pamapeto pake mpanda unasunthidwa pang'ono, ndipo tinabwezeredwa kachigawo ka kumunsi, kochepa kwambiri poyerekeza ndi kale. Loji yokhayo sinathe n'kumangidwa komwe. Anaimika tinyumba tinayi, madzi osefukira anagwetsa tiwiri, kampani inachoka, ndipo malowo anapita m'manja mwa anthu ena amene sitinawaonepo. Mitengo ya mchenja ili mkati mwa waya mpaka pano.

Apongozi anamwalira mlandu usanathe. Ku mtsinje sanapitenso, ngakhale kukachapa. Sanandinenepo choipa, koma kuyambira tsiku la pa khonde lija anasiya kundiitana kuti mwana wanga, ankangoti aphunzitsi.

Pogawa kachigawo kobwezedwako, anthu anagwirizana kuti alamu anga ndi amene aloze malire a banja lililonse. Anayenda ndi ndodo, dzanja lopindika lija lili pa chifuwa, akuloza. Ife anatipatsa mizere isanu ndi umodzi kumapeto kwenikweni, pamene mvuu zimayambira kudya zikatuluka m'madzi. Amuna anga anafuna kudandaula, ine ndinawaletsa. Tinalima pamenepo zaka zonse zimene ndinaphunzitsa pa sukulu ija, ndipo zaka zina tinkakololako.